Nthambi Pamsewu wa ku Yunivesite

Chidzukireni mtima wanga sunakhale m'malo. Ndinalota mwana wanga Tadala akuguba ndi anzake a ku yunivesite, atanyamula nthambi zamasamba. Apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, koma unkawawa pakhosi panga ngati tsabola. Ana aja anabalalika, nthambi n'kutsala pamsewu. Odutsa anayamba kutsika panjinga, abambo akuvula zipewa, monga timachitira tikaona masamba a maliro. Ine ndinali nditafumbata nsapato imodzi ya Tadala, idakali yofunda.

Wapolisi wina anandiyandikira mwaulemu. "Musalire, mayi. Zipolopolo zake n'za mphira, sizipha."

"Nanga masambawa mwayalira ndani, bambo?"



Kaya ndi maloto chabe, kaya. Ndamuimbira Tadala m'mawa uno, koma foni ikungoitana.