Mfuti ya Diso Lamanzere

Lamulo la mbale analikhazikitsa ndi a Hobart Vance eni ake, n'chifukwa chake linawaluma kwambiri. Pamsasa wa alenje wa kuphiri la Laurel, Lamlungu lomaliza nyengo yosaka agwape isanatsegulidwe, aliyense amawombera katatu mbale yapepala yokhomedwa pachitsa, mtunda wa mapazi makumi asanu ndi awiri. Kukula kwa mbaleyo n'chimodzimodzi malo a mtima ndi mapapo pa gwape. Wophonya ngakhale kamodzi salowa m'tchire, amatsala pamsasa kuphikira anzake. "Nyama si yovulaza n'kuisiya ikafere kutali," a Hobart ankatero modzitama, nthawi imeneyo ali ndi maso onse awiri.

Chaka chimenecho diso lawo lamanja linachita nkhungu pakati penipeni, ndipo dokotala sanawabisire kuti siliyeranso. Munthu wowombera chakumanja kwa zaka makumi asanu anayenera kuyambiranso chakumanzere. Mfuti yawo yakale inali ya mpiringidzo, ndipo mpiringidzowo uli kumanja. Akaiika paphewa lamanzere, dzanja linkachita kuwoloka pamwamba n'kumafufuza ngati munthu wosowa machesi. Anachita mantha, ndipo mantha a munthu wamkulu amatulukira mu ukali. Kwa sabata yathunthu ngakhale galu wawo ankawalambalala.

Kutatsala masabata atatu, analowa m'sitolo ya mfuti ya Darlene Pruitt, mayi wa pakamwa posabisa mawu, amene anasiyiridwa sitoloyo ndi malemu bambo ake.

"Ndikufuna ya liva," anatero a Hobart, moni osapereka. "Ija bambo ako ankati ilibe dzanja."

"Ilibedi," anayankha Darlene akuitsitsa pakhoma. Liva, chitsulo chokokera mfuti yotere, imakhala pansi, pamene pamalowa zala. Ukaikankhira kunsi chigoba chimatuluka, ukaibweza chipolopolo china chalowa, kaya ndiwe wamanja kaya wamanzere. "Nanga chipolopolo, mukufuna chiti?"

"Ndipatse .45-70."

"Ii, madala! Kwabwera njati kuphiriko?"

"Usandiseke iwe, ndinakuona uli m'matewera. Diso likachepa, chipolopolo chikule. Ngakhale ndimukhudze pamchira, gwape agwa basi."

"Kugwa mugwa ndinu," anatero Darlene. "Tiyeni kuseri mukaiyese."

Kuseri kwa sitolo kunali bwalo loyeserapo, lotsamira phiri la dothi lofiira. Darlene anawafulatira poika chipolopolo chonenepa ngati chala chachikulu, n'kuwapatsa mfutiyo. Phuu! Phewa lamanzere, losazolowera kumenyedwa, linachita dzanzi mpaka m'khosi. Fumbi linabuka kutali ndi pepala lolozetsapo, koma a Hobart anati ndi mphepo, ngakhale kuti tsamba ndi limodzi lomwe silinkagwedezeka.

Darlene anatenga mfuti, nafulatiranso, n'kuwabwezera. A Hobart analozetsa, anagwira mpweya, anakhethemula. Tcha! Munalibe kanthu. Koma kamwa la mfuti linali litagwera kale pansi, phewa litadumpha, mano atalumana.

"Mwaonatu," anatero Darlene, tsopano mosaseka. "Munatsinzina isanalire. Diso limodzi lomwelo, mwalitsekanso nokha."

Manyazi anawagwira a Hobart mpaka makutu anatentha. Anafuna kukalipa, koma akalipire yani? Thupi lawo lomwe linawaneneza. Anangoti, "Ndiye basi, ndatha."

"Mwatha kuti? Vuto si diso, bambo, ndi mantha a paphewa. Gwirani iyi." Inali ya liva yomweyonso koma yaifupi, yopepuka, ya .30-30. "Iyi siponda. Imangokugwedezani ngati mnzanu wokudzutsani m'tchalitchi."

"Imeneyo ndi ya ana."

"Bambo anu anapha agwape angati ndi mfuti ya anayo?"

Anaphadi ambiri, poti nyanga zodzaza khoma la barani, nyumba yawo yosungiramo zapamunda, zinagwa ndi mfuti yoteroyo. Anaiika paphewa. Inakhala bwinobwino ngati inawadziwa kale, ndipo italira anadabwa kuona kuti fumbi aliona likubuka. Diso linali chipenyere.

Darlene anawakulungira mabokosi anayi a zipolopolo. "Muzigula za mphuno yaphwatalala zokhazokha," anawachenjeza. "Zimandandana mumpope wapansiwu, chosongoka chikhoza kubaya chinzake kumbuyo, n'kukuphulikirani m'manja. Ndiponso gwape akakhala kutali, mapazi kupitirira zana, m'tsanzikeni azipita."

Masiku otsatirawo a Hobart anakhala mwana wa sukulu. M'mawa uliwonse ankapita kuseri kwa barani, mfuti ilibe kanthu, n'kuika kandalama kachitsulo pamwamba pa mpope. Akakhethemula, kandalama n'kugwa, ndiye kuti anjenjemera. Kanagwa kambirimbiri, ndipo mawu amene ankalankhula pokatola m'udzu si obwereza pagulu. Koma sabata yachiwiri kanayamba kukhazikika, ndipo anayamba kudya ndi mtima pansi.

Lamlungu lija kunacha ndi chisanu chothyola zala. Amuna asanu ndi awiri anasonkhana pabwalo la msasa, makapu a khofi m'manja. Wokhoma mbale anali Roscoe Mullins, mnzawo wa a Hobart kuyambira ali ana, amene tsopano anali wophika wa msasawo. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anaphonya katatu konse, ndipo amene anamuuza kuti, "Lamulo ndi lamulo, achimwene," anali a Hobart omwewo. Chiyambire pamenepo Roscoe sanagwirenso mfuti.

"Ndakusungira epuloni, Hobe," anafuula Roscoe atavala yake. "Ya maluwa, yogwirizana ndi khungu lako."

"Ukaipinde bwino, udzaikidwa nayo m'manda."

Enawo sanaseke, ndipo kusasekako kunawapweteka a Hobart kuposa chipongwe. Onse ankadziwa za diso. Ena ankayang'ana m'makapu ngati mwagwera ntchentche.

Itakwana nthawi yawo, anagwada bondo limodzi. Mbale inkaoneka yaing'ono ngati batani. Anakumbukira kandalama kaja, nafinya chokhethemulira pang'onopang'ono. Inalira. Anakankha liva ndi dzanja lamanzere, chigoba chinauluka, inaliranso. Kachitatu anachedwa mpaka wina anatsokomola, kenaka inalira.

Roscoe anapita kuchitsa ndi kuyenda kwake kotsimphina, nazula mbale, n'kuikweza kumwamba. Kuwala kunatulukira m'mabowo atatu. Limodzi linali pafupi ndi m'mphepete, koma linali m'kati.

"Zitatu!" anakuwa. "Mfiti iwe! Ndi diso limodzi!"

Bwalo lonse linachita phokoso. A Hobart anadzazidwa ndi chimwemwe, misozi n'kutuluka m'maso onse awiri, labwino ndi lakufa lomwe. Mawa adzalowa m'tchire. Adzakhala pansi pa mtengo wawo wa masiku onse, kumvetsera masamba ouma akuswanyika.

Roscoe anafika akuseka ndi mtima wonse, wopanda kaduka ngakhale pang'ono, nawamenya pamsana. A Hobart anamuyang'ana pafupi, ndipo chimwemwe chija chinazilala. Anakumbukira Lamlungu lina lija. Roscoe anali atangopuma ntchito ya mumgodi wa malasha, n'kudzigulira chimfuti chachikulu chogwedeza mawindo. Nthawi zonse zitatu nkhope yake inakwinyika isanalire, maso ali tsinzinu. A Hobart anaziona ndi maso awo, onse awiri ali bwino, koma anangoti mnzawoyo wakalamba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

"Roscoe," anatero ndi mawu otsika. "Chimfuti chako chija chinkakuponda, eti?"

"Chija? Ngati bulu. Bwanji?"

"Sunali ukalamba uja. Ndinakulakwira, achimwene." Anamutambasulira mfutiyo. "Gwira."

Roscoe anabweza manja kumbuyo ngati wapatsidwa njoka. "Usandiseweretse, Hobe. Anthu andisekanso."

"Woseka adya mbale yake. Gwira, iyi siponda."

"Nyemba zipserera pamoto."

"Zipserere. Zaka zonsezi takhala tikudya zopserera, tinafa?"

Roscoe anayang'ana anzake mmodzimmodzi. Panalibe woseka. Anapukuta manja pa epuloni, kawiri, n'kulandira mfutiyo mosamala ngati khanda. A Hobart anatenga mbale yatsopano ndi msomali, nauyamba wa kuchitsa okha.