Wezulo ya Malemu Bambo Dubik

Mumzinda wa Winnipeg muno tonse timapepesa, koma Mayi Lorraine Dubik anali atapyola muyezo. Munthu awaponde chala m'basi, wopepesa ndi iwo. Tsiku lina anagunda mtengo wa magetsi n'kuupepesa kawiri, kachiwiriko chifukwa sunayankhe.

Ndiye itamveka mbiri yoti kuli mwamuna wina amene akutsomphola zikwama za amayi achikulire pafupi ndi pokwerera basi, mpaka mmodzi kumuthyola mkono, mwana wawo Shauna mtima sunakhale m'malo.

"Amayi, gulitsani nyumbayi muzikakhala kwathu. Chipinda chapansi chija ndakonza kale."

"Chopanda zenera chija? Ine ndine mbatata?"

"Inutu wakuba mukhoza kumuthandiza kunyamula chikwamacho mpaka kwawo."

Mawuwa anawapweteka chifukwa anali oona. Nyumbayo anakhalamo zaka makumi anayi, amuna awo anamwaliriramo, ndipo kuisiya ankakuopa kuposa wakubayo. Anapangana chonchi: akaphunzire kudziteteza ku holo ya m'dera lawo, zikakanika alongedze katundu.

Mphunzitsi wake, Marcel, chimunthu chadzitho, anavala zotchinga thupi lonse n'kuwagwira paphewa. "Kuwani, mayi! Ndikalipireni kuti ndikusiyeni!"

"Pepani bambo, ngati sindikukuvutitsani, mungandisiyeko pang'ono?"

"Ayi! Ndimenyeni!"

Anamukhudza ndi chigongono, kenako n'kumufunsa ngati wadya. Sabata yachitatu Marcel anangokhala pansi atagwira mutu. "Mayi, vuto lanu lili pakamwa. Pezani wezulo."

Wezulo inalipo, yachitsulo, imene malemu Bambo Dubik ankaimbira masewero a hoke, aja amaseweredwa pa ayezi. Anaikoleka m'khosi. Koma Shauna, atamva za kuholoko, anati Loweruka akubwera ndi makatoni.

Lachinayi m'mawa kunazizira koopsa, kuzizira kwake koumitsa mamina m'mphuno. Mayi Dubik ankapita kutchalitchi atanyamula thumba la maperogi, timikate tokhala ndi mbatata m'kati, touma gwa ngati miyala. Anachita zonse zimene Marcel anawaphunzitsa: mutu m'mwamba, maso uku ndi uku, kudzera kumene kuli anthu. Anamuonadi mwamuna wotsomphola zikwama uja akudumpha msewu kulunjika pamene panali iwo. Ndiye anatani? Anamupatukira kuti adutse bwino. Mayi awanso!

Mwamunayo anagwira lamba wa chikwama n'kukoka. Apa mantha anawagwira enieni. Anatola wezulo ija, yomwe inali lendelende kunja kwa jekete chichokereni kunyumba, n'kuiika pakamwa. Mwana aliyense kuno amadziwa kuti mu Januwale chitsulo sachiika pakamwa. Inamatirira kumilomo nganganga.

Anafuna kunena kuti pepani bambo, chikwamachi n'changa. Chimene chinatuluka ndi "Pyiii!" Anafuna kupepesa chifukwa cha phokosolo. "Pyiii! Pyiii!" Mwamunayo anadzidzimuka n'kuterereka pa ayezi. Potembenuka Mayi Dubik kuti amudzutse, thumba la maperogi linamufikira pabondo, kho! Eee, apa ndiye kupepesa kunachuluka. Wezulo inalira osalekeza. Zitseko za mashopu zinatseguka, basi inaima pakati pa msewu, anthu anakhamukirapo. Abambo awiri amene anakula akusewera hoke, pongomva wezulo, anamunyamula mwamunayo m'khwapa n'kukamukhazika pa benchi monga amachitira ndi wolakwa pamasewero. Anakhala pomwepo mpaka apolisi anafika.

Shauna anawapeza amayi ake mu shopu ya khofi, mwini shopu akuwathira madzi ofunda pamilomo. Wezulo itamatuka, wapolisi wamkazi anaika kope lake pansi n'kupukusa mutu.

"Mayi, munthu wolimba mtima chonchi sindinamuonepo. Anthu akuti simunapume n'komwe, mumangoimba."

Mayi Dubik anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti iwo ankangopepesa. Anayang'ana Shauna, yemwe misozi inali mbwembwembwe, anakumbukira chipinda chopanda zenera chija, n'kutsekanso pakamwapo.

Loweruka Shauna anabwera wopanda makatoni. Anabwera ndi wezulo yapulasitiki, yofiira.

"Iyi siimata, amayi."

Mayi Dubik anaitembenuzatembenuza, milomo idakali yotupa, n'kumubwezera. Sanapepese.

"Bambo ako anatha zaka makumi anayi akundiuza kuti ndisiye kupepesa, osatheka. Koma taona, ndi wezulo yawoyi njira aipeza."