Kumbuyo kwa Impela

Pampu ya sikimu yothirira ku Mbenje inasiya kukoka madzi Lolemba, pa 14 Okotobala 2024, cha m'ma 9 koloko m'mawa. A Geresomo, amene ankaisamalira, ataimasula anapeza kuti impela, chitsulo chamapiko chimene chimazungulira m'kati n'kumakankha madzi, yasweka patatu. Chimanga cha mabanja 31 chinali chitangoyamba kutulutsa ngayaye. Pa msinkhu umenewo, dzuwa la kuchigwa likachiwamba kupitirira sabata popanda madzi, mlimi amakolola mapesi.

Pampuyo inachokera ku Beira kalekale, ndipo impela yake sinkapezeka m'sitolo iliyonse. Koma ku Limbe kunali a Duncan, mwini makina osema zitsulo motsatira fayilo ya pakompyuta. Pafoni anati fayiloyo ikhale ya STEP, mtundu umene mainjiniya amagwiritsa ntchito, ndipo ifike Lachitatu m'mawa. Kuyambira Lachisanu makinawo akhala pa ntchito ina kwa masabata awiri.

A Geresomo ananyamula zidutswa zija m'thumba la feteleza kupita kwa Luisa, mwana wa mlongo wawo, amene ankapanga makatuni ophunzitsa za kolera ndi kusefukira kwa madzi.

"Iwe umaumba ng'ona pakompyuta mpaka kuphethira," anatero. "Kachitsulo aka kangakukanike?"

"Atsibweni, ng'ona zanga siziluma. Izi ndi zina."

"Zina zake ziti? Mapiko asanu basi. Nkhuku ili ndi awiri ndipo unaijambula."

Lachiwiri lonse Luisa anakhala pakhonde, zidutswa zitalumikizidwa pamphasa, mapiko akuyang'ana kumwamba. Anaumba impela m'pulogalamu yake ya makatuni, phiko lililonse lopindika monga analionera. Kenako anaisintha kukhala STEP n'kuitumiza Lachitatu, 7 koloko isanakwane.

A Duncan anaimba nthawi ya 8:20.

"Achemwali, mwanditumizira chiyani? Khoka?"

"Ndi STEP, bambo, monga munanenera."

"Dzina lokha. M'katimu muli timakona titatutitatu 48,000, tolukana ngati ukonde wa asodzi. Izo ndikanapirira. Koma kumbuyo kulibe kanthu. Ndi chigoba chopanda chivindikiro. Makina anga sadziwa pamene chitsulo chayambira ndi pamene chathera. Nanga shafiti, chitsulo choizunguza, ilowa pati?"

Luisa anatembenuza chithunzi chija pa laputopu. Kumbuyo kunali pululu. Wopanga makatuni saumba mbali imene kamera siiona. Nyumba zake zonse zinali ndi makoma atatu, ng'ona zake zinalibe mimba. Kwa zaka zisanu chizolowezicho chinkapeputsa ntchito pa laputopu yake yokalamba. Impela ija inagona chagada pamphasa tsiku lonse, ndipo iye sanaganize zoitembenuza.

"Lero ndiika ntchito ya munthu wina," anatero a Duncan. "Mawa ndiye mpata womaliza. Ndipo musakasoke zigamba pa khokalo. Yambaninso, m'pulogalamu ya mainjiniya, ndi miyezo."

Luisa anawauza a Geresomo. Munda wawo unali womaliza pa ngalande yonse, ndipo Luisa ankadziwa.

Pulogalamu ya mainjiniya inatenga maola atatu kutsika pa intaneti ya foni. Luisa anali asanaigwirepo. Mmenemo munalibe kuumba ndi diso; bwalo lililonse linkafunsa nambala. A Geresomo anagwada pamphasa ndi chopimira chawo chachitsulo, zidutswa zitatembenuzidwa.

"Bowo la shafiti, mamilimita 28."

"Mwatsimikiza?"

"Ndakalamba, koma sindinachite khungu. Kampata ka kiyi yoigwirizira ku shafiti, 8."

Kawiri pulogalamuyo inakana kulumikiza mapiko ndi thunthu. Kachitatu laputopu inazima chifukwa cha kutentha, ndipo Luisa anaiika pa nsalu yonyowa n'kuyambanso phiko lachinayi. Azimayi awiri a m'sikimu anabwera kudzafunsa, masamba a chimanga opotana ngati anyezi ali m'manja. Anaimirira pang'ono, n'kubwerera osayankhidwa.

Fayilo inapita nthawi ya 5:40 madzulo. M'malo mwa timakona 48,000 tija, inali ndi mbali 63 zokha. Yankho la a Duncan linali lalifupi: "Iyi ndiye yotsekeka."

Anasema Lachinayi. Lachisanu impela inatsika pa minibasi ku Bangula itakulungidwa m'katoni. Loweruka, pa 19, a Geresomo anaiveka pa shafiti, ndipo inalowa popanda nyundo. Pampu inalira nthawi ya 11:15.

Lamulo la sikimu ndi lakuti madzi amatsata manambala a minda, ndipo a Geresomo, amene ankatsegula zipata, sanalumphe munda wa munthu. Madzi anafika kwawo Lachiwiri, pa 22, patatha masiku asanu ndi atatu chifereni pampu.

Luisa anapita nawo. Madzi ankayenda bwinobwino m'mizere, koma ngayaye zinali zitayera kale. A Geresomo anathyola imodzi, anaipekesa m'manja, n'kuuzira. Panalibe ufa wachikasu umene unauluka.

"Madziwa akanafika dzulo, atsibweni?"

A Geresomo anayang'ana mizere ya kumunsi, kumene chinyezi chimachedwa kuuma.

"Kaya," anatero. "Tenga khasu. Itatu iyo mwina ikadali ndi moyo."