Mizere Iwiri Yotsiriza

Ana a sukulu anawapatsa dzina loti a Didamu, ndipo kunena zoona dzinalo anachita kuliputa okha. Zaka zonse zimene anaphunzitsa ndakatulo za Chingerezi, chala chawo sichinapumepo pa desiki: di-DAM, di-DAM, kugunda kopepuka kenako kolemera, kasanu pa mzere uliwonse. Ngakhale pamaliro ankapezeka akugunda chala pabondo, n'kumadandaula chamumtima kuti pemphero la abusa likutsimphina.

Tsono mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, atapeza ntchito ya unamwino kudziko lakutali, a Didamu anaona kuti nthawi yawo yoonekera yakwana. Bambo wamba amangoti uyende bwino. Iwo ayi. Anati amulembera soneti, ndakatulo ya mizere khumi ndi inayi ija ankazunza nayo ana a eni: ndime zitatu za mizere inayiinayi, kenako mizere iwiri yomanga nkhani, yothera pa kamvekedwe kofanana.

Ndime zitatuzo zinabwera mosavuta, poti zinkakamba za mbalame ndi mphepo, zinthu zosawakhudza n'komwe. Inavuta ndi mizere iwiri yotsirizayo, pamene panafunika kunena kuti adzamusowa. Akalemba zakukhosi, mzere unkatalika n'kugunda kasanu ndi kamodzi. Akaudula kuti ukwane, unkatuluka wosalala bwino koma wabodza.

Masiku omaliza onse anathera m'chipinda chodyera, chitseko chili chotseka. Mwana uja ankalongedza masutikesi kuseri kwa khoma, ndipo nthawi zina ankagogoda.

"Ababa, tiyi ndathira. Bwerani timwere limodzi."

"Ndikubwera, mwanawe. Ndangotsala pang'ono."

Tiyi ankazizirira patebulo, pang'ono pajapo osatha. Potsiriza akazi awo analowa osagogoda, manja ali m'chiuno.

"Inu bambo, mwanayu akuyesa mwamukwiyira chifukwa akupita. Dzulo amalira kubafa, mpopi atautsegula kuti tisamve. Mukufuna achoke ndi maganizo amenewo?"

"Akamva zimene ndikumukonzerazi amvetsa."

"Amva liti? Basi ndi mawa m'mawa!"

Kunacha mizere iwiri ija kulibe. A Didamu anadzilimbitsa mtima kuti ibwera yokha panjira, ngati mmene amachitira mwana wopita kumayeso asanawerenge. Kudepoti kunali phokoso lokhalokha: mainjini, mavenda, makondakitala kukanganirana anthu. Iwo anaima pafupi ndi tayala la basi, jekete atamanga mabatani onse, n'kutulutsa pepala.

"Mwanawe, ima apa umvetsere."

Mwanayo anaima, chikwama chili paphewa, maso ali ofiira. Atafika pa mzere wachisanu ndi chiwiri, a Didamu anatsindika liwu pamalo olakwika. Munthu wina aliyense akanapitirira, poti ndani anamva? Iwo anapepesa, n'kuyambiranso pa mzere woyamba. Mbalame zija zinaulukanso, mphepo inaombanso, ndipo atangomaliza ndime yachitatu kondakitala anamenya chitseko.

"Achemwali, mukwera kapena mutsala?"

Mayi ake anamukumbatira mwanayo mwachangu n'kumukankhira pamasitepe. A Didamu anatsala pakamwa pali pululu, pepala lili m'manja. Anali atauza mwana wawo za mbalame kawiri konse, koma osamugwira ndi dzanja lomwe. Manyazi anawagwira, ndipo anadziona bwinobwino mmene analili: chitsiru chovala tayi.

Mwana uja anakhala cha pawindo, la magalasi osatseguka aja. Anayang'ana bambo ake kanthawi, kenako anakweza chala n'kuyamba kugogoda galasi. Phokoso silinalole kuti a Didamu amve, koma anaona: kopepuka, kolemera, kopepuka, kolemera, mpaka kasanu. Umu ndi mmene ankamugundira pamsana ali khanda kuti agone, akazi awo akuwaseka kuti mwana mumupengetsa nazo ndakatulo zanuzo.

Basi inayamba kusuntha. A Didamu anataya pepala, n'kuyamba kumenya mbali ya basi ndi chikhatho pansi pa windo lija, uku akuthamanga mwaukalamba wawo. Anagunda kasanu, kasanu ndi kamodzi, kenako anasokonezeka osadziwanso kuti kopepuka ndi kati, akungomenya mpaka basi inawasiya pageti.

Ukanakhala mzere wa mwana wa sukulu, akanaukhwatcha ndi cholembera chofiira. Koma mwana wawo anali akuseka uku misozi ili mbwembwembwe, chikhatho atachidinda pagalasi.