Ziro wa bambo Kabwe

Ntchito yanga ndi kuonera mavidiyo a makolo ndi makanda a ku Chawama, n'kumalemba nambala. Bambo akanyamula mwana, 2. Akangomukhudza, 1. Akapanda kumukhudza, 0. Mnzanga Shawn amaonera mavidiyo omwewo m'chipinda china, ndipo lipoti la kafukufuku limayenera kunena kuti tinagwirizana kangati pa 100. Lamuloli sindilitsutsa ayi, owerenga adziwe kuti nambalazo si maloto a munthu mmodzi.

Vuto linali ine. Mkulu wathu, mayi Chisala, anati ndimalemba zimene ndikudziwa m'malo mwa zimene ndikuona, ndipo tikapanda kufika pa 80 pofika Lachisanu, apeza wina.

Lachinayi ndinatsegula vidiyo ya bambo Kabwe, onyamula matumba ku Heavy Industrial Area. Tsiku lojambula ndinalipo, anatilandira atavala malaya a kutchalitchi. Mwana wa milungu itatu ali pamphasa, iwo chapatali, manja atawapana m'mawondo. Kwa mphindi makumi awiri anamuimbira chapansipansi, maso osachoka pa iye. Mwana atatsamwa, bambowo anadzambatuka, manja ali kutsogolo, koma anaima panjira n'kuitana mkazi wawo.

Ine ndinakulira m'nyumba yotere. Kwathu abambo ena sagwira khanda mpaka mwambo wotenga mwana utachitika, kuopa kulidwalitsa. Shawn ndi wa kumayadi, zimenezi anazimvera kuti? Nalo buku lathu la nambala lilibe bokosi la munthu amene akudziletsa chifukwa cha chikondi.

Ndinalemba 0. Mphindi yotsatira 0, mpaka pansi pa pepala. Ndinkayembekezera kuti mtima undipweteka, koma unangoti zii. Tinafika pa 91, mayi Chisala anandigwira chanza, ndipo lipoti linati abambo ambiri a m'kafukufuku sakhudza makanda awo.

Patapita miyezi inayi ndinakumana ndi bambo Kabwe pokwerera minibasi, mwana ali paphewa, akuwatafuna kolala.

"Ba Ida," anatero, "vija munajambula, ninapasa?"

Ndinawauza kuti sanali mayeso. Iwo anaumirira, akuti anthu ophunzira sangaonere munthu mphindi zonsezo osapeza kanthu.

"Tenze babili," ndinatero, kunena awirife, ine ndi Shawn. "Tonse tinaona vimozimozi."

Anamwetulira mpaka m'makutu, nakweza mwanayo m'mwamba, n'kumuuza kuti amve yekha zimene anthu a kuofesi anena za atate ake.