Nyongolotsi ya Chigayo cha Amayi

Kabokosi kofiira kaja kanatulukanso pa sikirini, ndipo Yolima Guancha anamenyetsa mausi patebulo.

"Ipha, ipheratu," anatero Aldemar, mnzake wa m'kalasi amene ankakhala pa kompyuta yoyandikana ndi yake. "Ukaipha mausiyo mizere ikumana yokha."

"Usandiyambe, Aldemar."

"Ine ndikungokulimbikitsa. Yatinso chiyani?"

"Zomwe zija. Akuti chojambula changa n'chosatseka. Chosatseka pati? Taona wekha, mizere yonse yakumana!"

Linali Lachinayi masana, m'chipinda cha makompyuta cha ophunzira uinjiniya mu mzinda wa Pasto, kunja kukuwaza kamvula kozizira. Ntchito imene mphunzitsi wawo, Injiniya Burbano, anapereka inkamveka yosavuta: aliyense atenge chipangizo cha kunyumba, achiyeze bwinobwino, achijambule pa kompyuta mbali zonse pamodzi ndi miyeso yake. Anzake anasankha zinthu zosavuta. Wina anabweretsa chotsegulira mabotolo, wina chogwirira chitseko. Aldemar anabwera ndi chivindikiro cha poto, n'kumaliza tsiku lomwelo. Koma Yolima, amene chaka choyamba ankaposa onse pojambula ndi pensulo ndi rula, anaona kuti zimenezo n'zachibwana. Iye anamasula chigayo chamanja cha amayi ake.

Thupi la chigayocho, chopukusira chake ndi kamwa yothiramo chimanga anazijambula, ngakhale movutikira. Chinatsala chitsulo cha m'kati, chachitali ndi chopotanapotana, chimene chimakankhira chimanga kumano a chigayo. Amayi ake ankachitcha nyongolotsi. Nyongolotsiyo inali patebulo pomwepo, pakansalu, ikununkha chimanga chovunditsa.

"Komanso fungoli, achemwali," anatero Aldemar atagwira mphuno. "Anthu akuganiza kuti ndine."

Injiniya Burbano anafika kumbuyo kwawo mwakachetechete. Anali mayi wamfupi, wosakweza mawu, koma kalasi yonse inkamuopa. Anatenga mausi ija n'kuyamba kukuza chithunzi. Chinakula, chinakula, mpaka ngodya imodzi yokha inadzaza sikirini yonse. Pamene Yolima ankalumbira kuti mizere yakumana panali mpata.

"Papepala pensulo inkakubisirani, a Guancha. Diso limakhululuka. Iyi sikhululuka."

"Koma aphunzitsi, mpata umenewo ngakhale tsitsi silingalowe!"

"Kwa kompyuta limenelo ndi khomo lolowera ng'ombe. Tsekani."

Yolima anatseka. Analemba kutalika kwa nyongolotsi, kuchuluka kwa mapindi ake ndi mpata wa pakati pa mapindiwo, n'kudina. Kabokosi kofiira kanabweranso, tsopano ndi mlandu wina: miyeso ikutsutsana. Anagwira mutu ndi manja onse awiri.

Mphunzitsiyo ananyamula chitsulo chija n'kuchitembenuzatembenuza, nkhope ikuwala ngati watola chinthu chamtengo. "Ichi n'chitsanzo chabwino kwambiri. Mawa ndiphunzitsa kalasi yonse kujambula zinthu zopota. Ndichisunga ine." Anachiika m'kabati yachitsulo ya pakona, anakhoma, kiyi n'kuponya m'chikwama chake.

Yolima akanati chiyani? Amayi ake sankadziwa n'komwe kuti nyongolotsi inachoka pakhomo. Chigayocho anachibwezera pashelefu chikuoneka chathunthu, chopukusira atangochitsamiritsa. Amayi amapera Loweruka, anadzilimbitsa mtima. Mawa ndiitenga ikangotha kalasi.

Lachisanu kunalibe kalasi. Woyang'anira chipindacho anauza Yolima ndi Aldemar kuti Injiniya Burbano aitanidwa mwadzidzidzi kwawo ku Ipiales, bambo awo adwala, ndipo abwera Lolemba.

"Nanga kiyi wa kabati?" anafunsa Yolima.

"Ali nawo eni ake."

"Wina palibe?"

"Akanakhalapo bwenzi ili kabati yawo?"

Yolima anakagwedeza chitseko cha kabatiyo. Nyongolotsi inalira m'kati, gobede, ngati ikumuseka.

"Ndife mainjiniya ife," ananong'ona Aldemar. "Ndipatse sipanala ndi mphindi zochepa."

"Kuti atichotse sukulu chifukwa cha chigayo? Choka apa."

Yolima atafika kunyumba anapeza amayi ake, mayi Ubaldina, ataima pakati pa khitchini, chopukusira chili kudzanja lina, thupi la chigayo kudzanja lina. Pansi panali ndowa ziwiri za chimanga chimene anachinyika kalekale kuti chivunde bwino. Lamlungu kunali phwando la Ukaristia woyamba wa mwana wa banja la Erazo, ndipo mayi Ubaldina analonjeza kukazinga maempanada, timitanda ta chimanga tokhala ndi ndiwo m'kati, a alendo onse. Bambo ake a Yolima anali pa ulendo ndi lole ku Tumaco, choncho panalibe womuikira kumbuyo.

"Ndimati ndichitsuke," anatero mayiyo modekha moopsa. "Ndangochigwira, dzanja lake landitsalira m'manja. Ndasuzumira m'kati, mulibe kanthu. Iwe Yolima, nyongolotsi yanga ili kuti?"

"Ili kusukulu, amayi."

"Ikuphunzira chiyani?"

"Amayi, tamverani. Anatiuza kuti tijambule chipangizo cha kunyumba, ndiye aphunzitsi aikonda, aitsekera m'kabati, ndiye apita ku Ipiales ndi kiyi."

"Aikonda."

"Eya."

"M'nyumba muno muli masupuni. Muli mafoloko. Muli chipeso chako chimene sugwiritsa ntchito. Iwe unaona chigayo?"

Pofuna kuwaziziritsa mtima, Yolima anatulutsa foni n'kuwaonetsa chimene anajambula. Chigayo chinaoneka pa sikirini, chonyezimira, chikutembenuka chokha pang'onopang'ono. Mayi Ubaldina anachiyang'ana nthawi yaitali.

"N'chokongola," anatero. Kenaka analoza ndowa zija. "Thiramo chimanga."

"Amayi!"

"Thiramo, si ndiwe injiniya? Komanso ndikuona kuti chakocho m'kati mulibe kanthu. Ndiye tili ndi zigayo ziwiri pakhomo pano, zonse zopanda matumbo."

Chigayo chamagetsi cha kumsika sichinkalandira chimanga chonyowa. Anansi anali ndi tizigayo ta khofi tokha. Chigayo chachikulu ngati chawo chinalipo chimodzi m'dera lonselo, ndipo onse awiri ankadziwa mwini wake: azakhali a Dioselina, mlongo wa bambo ake a Yolima. Mayi Ubaldina ndi a Dioselina sankalankhulana kuchokera tsiku limene a Dioselina ananena pagulu, pa chikondwerero cha mu Januwale, kuti maempanada a mlamu wawo ukawafinya, mafuta otulukawo ungakazingire ena.

"Ine sindipondako," anatero mayi Ubaldina. "Wataya nyongolotsi ndiwe. Nyamuka."

Azakhali a Dioselina anamvetsera nkhani yonse ali pakhomo, atafunda shawelo, maso akuvina ndi chimwemwe. Anamuuza kuti aibwereze pamene panali kabati.

"Ndiye injiniya wathunthu wabwera kudzabwereka chigayo kwa ife osaphunzira? Amayi ako akutuma, kapena wabwera wekha?"

"Andituma, azakhali."

"Anatchula dzina langa? Pakamwa sipanapse?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Tamvera, mwana wa mchimwene wanga. Chigayo changa sichigona kwa eni, ndipo amayi ako ali ndi dzanja lolemera. Ndibwera nacho ndekha mawa, ndikhala pomwepo, ndibwerera nacho. Wopukusa ukhala iwe."

Loweruka m'mawa a Dioselina analowa m'khitchini chigayo chili m'manja ngati khanda lopita ku ubatizo. Anachimanga okha patebulo, anakhala pampando, manja n'kupinda. Mayi Ubaldina anayang'ana kukhoma.

"Yolima, uwauze azakhali ako kuti khofi ali pamoto ngati akumufuna."

"Yolima, uwauze amayi ako kuti ndamwa kale kwathu, khofi weniweni."

Yolima anapukusa. Chimanga chovunda n'cholemera, chimamata, ndipo ndowa yoyamba isanafike pakati phewa linali litayamba kuyaka. Anasintha dzanja. Anabwereranso ku loyamba. Tebulo linkagwedezeka, fungo lowawasa linadzaza nyumba, ndipo mauthenga ankangodutsa pamutu pake.

"Uwauze amayi ako kuti chimangachi anachivunditsa mopitiriza."

"Uwauze azakhali ako kuti a Erazo anadutsa pakhomo pawo n'kudzagogoda pano."

"Uwauze kuti a Erazo alibe lilime."

"Ndipukuse kapena ndikhale wa positi?" anakuwa Yolima. "Muli m'chipinda chimodzi! Mukumvana!"

Anapukusa mwaukali mpaka chigayo chinatsamwa n'kuima nji. A Dioselina anadzuka akudandaula, anamasula kutsogolo, anasolola nyongolotsi yawo n'kumupatsa.

"Kokola phalalo. Ndi chala, osati mpeni, ungandikandire."

Yolima analowetsa chala mu ngalande ya chitsulocho n'kuyamba kutsatira mapindi ake kuchokera kumbuyo. Kumbuyoko chala chinkayenda momasuka. Pakati chinayamba kuthina. Pofika kutsogolo munkangolowa nsonga yokha. Anaima. Anabwereza, pang'onopang'ono. Mipata ya mapindiwo sinali yofanana: inkachepa kupita kutsogolo, kuti chimanga chizipanikizika chisanafike kumano. Iye anayeza mpata umodzi wokha, wakumbuyo, n'kuuza kompyuta kuti yonse ndi yotero. Nanga ikanagwirizana bwanji ndi kutalika kwake?

"Ndiye chifukwa chake!" anafuula. "Kompyuta ija sinkanama ayi! Amayi, taonani, mipatayi imachepa, ndiye ine ndimati..."

"Pukusa!" anakuwa amayi awiriwo nthawi imodzi.

Anayang'anana modzidzimuka. Mayi Ubaldina anatembenukira kumoto msanga, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

"Wako ameneyu mutu unazungulira, mlamu," anatero a Dioselina, osadzeranso kwa Yolima.

"Anatengera kwanu. Kwathu kulibe zoterezi."

"Bweretsa mbaleyo kuno, ukupinda ngati ukukulunga mabulangete. Ndikuonetse."

Sanakhululukirane. Anakangana za mchere, za mafuta, za kukula kwa maempanada, mpaka dzuwa linapendeka. Koma ankakangana maso ndi maso, manja onse anayi ali mu mtanda, ndipo ntchito ya a Erazo inatha. Yolima anagaya ndowa zonse ziwiri yekha. Pomaliza zikhato zake zinali ndi matuza, dzanja lamanja silinkatha kukweza kapu.

Lolemba Injiniya Burbano anabwera, anapepesa kalasi mwachidule, anati bambo awo akupezako bwino, n'kutsegula kabati. Yolima anatenga nyongolotsi ija asanauzidwe. Anayeza mpata uliwonse paokha, mausi akuikankha ndi nsonga za zala chifukwa cha matuza. Kabokosi kofiira kanatuluka: anaiwala kutseka ngodya ina. Anatukwana chamumtima, anatseka. Kanatulukanso: analemba muyeso umodzi kawiri. Anafufuta. Atadina kachitatu kompyuta inakhala chete kanthawi, kenaka nyongolotsi inaoneka pa sikirini, yotakasuka kumbuyo, yothina kutsogolo, ngati yeniyeni imene inali patebulo.

Sanasangalale n'komwe. Anangopumira m'mwamba n'kutsamira mpando.

"Mwaona nokha za mipatayo?" anafunsa mphunzitsi ataima kumbuyo kwake.

"Ndinaona Loweruka, aphunzitsi."

"Bwino. Ambiri saona." Anatembenukira kalasi yonse. "Sabata yamawa tiphunzira kulumikiza zidutswa kuti zikhale makina amodzi. A Guancha atibweretsera chigayo chonse, tidzachimasule pano aliyense aone."

Yolima anakulunga nyongolotsi m'kansalu kake, anaiika m'chikwama, anatseka zipi, chikwamacho n'kuchikumbatira pamiyendo.

"Pepani aphunzitsi, sizitheka."

Palibe amene anamukanirapo Injiniya Burbano.

"Chigayo chimenecho sichichokanso pakhomo. Ofuna kuchiona abwere kwathu Loweruka m'mawa. Koma ndikuchenjezeretu: amayi anga anena kuti aliyense wa uinjiniya wolowa m'khitchini mwawo apukusa." Anatambasula zikhato zake kuti onse aone.

Aldemar anaphulika ndi phwete mpaka kugwetsa rula. Injiniya Burbano anayang'ana matuza aja, kenaka anayang'ana Aldemar pamwamba pa magalasi awo.

"Chabwino," anatero. "Amene wasekayo ndiye apite. Mukatiyezere zidutswa zonse, a Aldemar, ndipo mukapereke moni kwa amayi."