Dzino limene a Zakeyu anatsuka

Mwezi wa Juni chiperoni chimatsika ku Thyolo ngati munthu wodzazonda matenda, mwakachetechete, osaodira. Chaka chimenecho chinapeza munda wa esiteti, umene uli kumunsi kwa nyumba ya a Zakeyu, utadulidwa kale. Tiyi anali zitsa zotuwa zokhazokha, mizere yake ikulowa m'nkhungu n'kusowera momwemo. A Zakeyu anadulira tiyi m'minda imeneyi mpaka msana unawakana, ndipo ngakhale anali atapuma ntchito, ankakondabe kukhala pakhonde m'mawa n'kumayang'ana zitsazo, akung'ung'udza nyimbo za kwaya ndi mawu awo a besi. Koma masiku amenewo nyimbo inkatulukira mbali imodzi ya kamwa. Mano achibwano anali atatsala awiri, onse akugwedera, ndipo la kumanzere linkawawa kwambiri.

Kumene dzinolo likapite likazulidwa, iwo ankakudziwa. Akazi awo, a Teleza, anagona kwa Kapichi, kwawo kwa mayiwo, kumene a Zakeyu anakhala zaka zambiri ngati mkamwini. Maliro atatha anawasudzula mwaulemu, ndipo anabwerera kwawo kwa Changata. Kumeneko ndi kumene abale awo adzawaike. Nkhani imeneyi inkawavuta mumtima: tsiku lomaliza lipenga likadzalira, a Teleza adzadzuka phiri lina, iwo phiri lina, pakati pali mitsinje ndi minda ya tiyi. Choncho dzino lililonse likachoka, ankalikulunga m'kansalu n'kukalikwirira pansi pa mtengo wa mapeyala umene unali m'mphepete mwa manda, kunja, poti m'manda munthu salowa yekha. Ankati Mulungu amene amawerenga tsitsi la m'mutu sangaiwale dzino, ndipo akadzatuma angelo kukatola zonse za Zakeyu, adzayenera kudzera kwa Kapichi. Sanauzepo munthu.

Loweruka lina kunabwera mwana wawo Pearl, amene ankagwira ntchito mu labotale ina ku Blantyre. Ataona tsaya la bambo ake litatupa, anawakalipira pang'ono chifukwa chobisa, kenako anayamba kuwafotokozera zimene ankafufuza kuntchito. Anati dzino siliima lokha m'nsagwada; muzu wake umakutidwa ndi kamnofu kopyapyala kamene kamalimangirira ku fupa. M'kamnofu kameneko muli timagulu ta maselo, tinthu tamoyo tating'ono tosaoneka ndi maso, totsalira kuyambira pamene dzinolo linkapangidwa munthu ali wamng'ono. Timangokhala phee ngati tagona, mpaka munthu kukalamba. Iye ndi anzake ankatidzutsa m'timbale ta galasi, kuti aone ngati tingathe kuberekana ndi kusanduka mitundu ina ya maselo, mwina tsiku lina n'kudzathandiza kukonza malo owonongeka m'mbali mwa mano. Anadandaula kuti mano ake ndiwo ankasowa, chifukwa anthu ambiri akazula dzino safuna kuti chilichonse cha m'thupi mwawo chitsale m'manja mwa alendo.

A Zakeyu anayang'ana zitsa za tiyi. Ankadziwa kuti pa khungwa lililonse lotuwalo pali timaso togona timene sitiphuka mpaka mpeni utadutsa.

"Ndiye kuti m'kamwa mwangamu muli ana amene sanadzukebe?"

"Alimo, ababa. Akulu ngati inu nomwe."

"Aulesi bwanji," anatero, naseka atagwira tsaya.

Lachiwiri anakazulitsa dzinolo kuchipatala cha ku boma, ndipo analipempha monga mwa nthawi zonse. Pobwerera anatsika pamphambano pamene njira ya kwa Kapichi imapatukira. Nkhungu inali itakuta mabulugamu, ndipo mankhwala a dzanzi anali asanathe m'tsaya, kotero dziko lonse linkaoneka ngati likuyandama. Patali ankamva amayi akuimba m'munda wina, osawaona. Anaima pomwepo, thonje lili m'kamwa, kansalu kali m'dzanja. Zinawaonekera ngati a Teleza akubwera pakati pa mizere, dengu lili kumsana, manja akuthothola nsonga za tiyi mofulumira monga ankachitira kale. Mayiwo sanawayang'ane a Zakeyu. Anangodutsa akuimba ndi anzawo aja. A Zakeyu anaganiza za mbewu, kuti ikasungidwa m'chikwatu imakhala yokha, ndipo anatembenukira njira ya kwawo.

Atafika anamasula kansalu kaja. Dzinolo linali ndi magazi, ndipo ku muzu kunali timinofu tolendewera. Anachita manyazi. Mwana wophunzira, wovala chovala choyera, angamupatse bwanji chinthu chotere? Ngakhale nkhuku ya chopereka sapita nayo kutchalitchi ili ndi matope. Anapita pampopi ndi sopo, nalitsuka, nalikwecha ndi mchenga wosalala, kenako ndi phulusa, mpaka linawala ngati mkanda. Analiyanika padzuwa pamwamba pa thandala, nalikulunga m'kampango koyera ka a Teleza.

Loweruka lotsatira Pearl atabwera, anamupatsa ndi manja awiri. Iye anamasula, nalitembenuza, nayang'ana muzu wake wosalalawo. Anayamba kuseka, koma posakhalitsa analeka.

"Ababa, mwalisambitsa?"

"Ndi sopo wabwino. Osati wochapira."

Anawafotokozera pang'onopang'ono kuti chimene ankafuna chinali kamnofu komwe kaja. Kuti dzino limayenera kuchoka m'kamwa n'kulowa m'botolo la madzi ake nthawi yomweyo, lisanaume, ndipo iye sanaganize n'komwe kuti bambo ake angapereke lawo. A Zakeyu anayang'ana ngalande yochokera pampopi, imene inkatsetsereka mpaka kukalowa m'munda wa tiyi.

"Ndiye ana aja ndawathira m'ngalande," anatero. "Ndawamana amako, ndakumananso iwe."

Pearl anafunsa kuti amake akubweramo bwanji, ndipo tsiku limenelo ndi pamene anamva za mtengo wa mapeyala. Sanawaseke. Anakulunganso dzinolo, nawabwezera m'dzanja, nawafumbatitsa zala.

Anapita onse awiri kwa Kapichi tsiku lomwelo masana. Nkhungu inali itakwera, ndipo kumbuyo kwawo minda yosadulidwa inkanyezimira mpaka kumene maso amalekezera. Pearl anaima chapatali pamene bambo ake ankakumba ndi kamtengo pakati pa mizu. Anawamva akulankhula motsitsa, pena m'Chilomwe pena m'Chichewa, monga ankachitira ndi amake pakhonde. Ankawauza kuti ili labwera mochedwa chifukwa linayamba lasochera, koma labwera losamba.

Pobwerera anakankha ndi lilime dzino lotsala lija. Linagwedera. Anafunsa ngati limenelo lingathandize. Pearl anati iye sangawapemphe. Akafuna, akalankhule ndi adokotala a kuntchito kwake ku Blantyre, amene adzawafotokozere zonse n'kuwafunsa okha ngati akuvomera. Anawauzanso mosabisa kuti sangalonjeze kuti likakatha kupalidwa lidzabwerera, ndiponso kuti maselo ena sadzuka ngakhale atawasamala chotani. A Zakeyu anakankhanso dzinolo ndi lilime. Limenelo linali lomaliza la achibwano, ndipo a Teleza anali atalandira ena onse.

"Amako ali nawo okwanira kundizindikira," anatero pomaliza.

Pamene dzinolo linayamba kuwawa, mvula yoyamba inali itagwa. M'munda wa kumunsi zitsa zija zinali zitatulutsa timasamba tanthete m'khungwa monse, ngakhale m'mphepete mwa ngalande ya pampopi, pamene a Zakeyu ankakonda kuyang'ana kuposa pena paliponse. Anavala jekete ya Lamlungu, nakwera minibasi ya ku Limbe, kumene Pearl ankawadikira. Kondakitala anawafunsa ngati ali ndi katundu woika kumbuyo. Iwo anapukusa mutu, naloza tsaya.

Anakhala pawindo. Minda inkadutsa, yobiriwira, yonyowa, amayi a madengu akuoneka ndi kusowa m'nthunzi yochokera m'nthaka. Mtsikana wina amene anakhala pambali pawo anawapatsa nzimbe, ndipo anakana mwaulemu. Nyimbo inabwera yokha pakhosi, ija ya m'mawa wa Pasaka, koma sanatsegule pakamwa. Anaiimbira m'mphuno njira yonse, motsitsa, lilime litatsamira dzino lija kuti lisagwedezeke m'mabampu.